Tsiku loyamba m'chipinda cha matupi: ophunzira udokotala tiwauze chiyani asanalowe?

Nachisale: Moni nonse pa gulu pano. Ophunzira atsopano ayamba anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi la munthu, pa matupi enieni a anthu omwalira sabata ikubwerayi, ndipo mafunso ayamba kale kubwera kumbali. Wina akufunsa ngati angaloledwe kumangoonerera osagwira, wina agogo ake amwalira mwezi wathawu ndiye sakudziwa ngati apirire, ena angoti zii koma nkhope zikunena zokha. Pano pali aphunzitsi, akonzi a matupi, aphungu ndi inu amene mwadutsamo posachedwa. Chimachitika n'chiyani kwenikweni mwa mwana tsiku limenelo, ndipo timuuze chiyani? Ndikupempha zogwirika, chifukwa "limbani mtima" sathandiza munthu.

Dr. Phiri: Zikomo mayi Nachisale. Poyamba tisiyanitse zinthu zitatu zimene mwana amazisakaniza n'kuzitcha dzina limodzi loti mantha. Pali zimene mankhwala osungira thupi amachita m'maso ndi m'mphuno. Pali chizungulire ndi kukomoka, zimene gwero lake ndi kayendedwe ka magazi m'thupi. Ndiye pali za mumtima zenizeni: chisoni, kunyansidwa, kudziimba mlandu, kukumbukira maliro a kwanu. Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Vuto limakula mwana akapanda kudziwa chimene chamugwira. Misozi ikutuluka chifukwa cha formalin, mankhwala osungira thupi aja, iye akuganiza kuti ndi wofooka, udokotala si wake, ndiye manyazi awonjezera pa katundu amene analipo kale. Muuzeni zitatuzi asanalowe, theka la ntchito mwagwira.

Chinanso choti adziwe: kwa ophunzira ambiri nkhawa imafika pachimake asanalowe, usiku wa dzulo lake ndi pakhomo pamene akuvala magolovesi. Akalowa kawiri katatu imatsika. Koma imabweranso pa malo odziwika: pa manja, pa nkhope, pa ziwalo zobisika, ndi tsiku locheka chigaza.

Che Saidi: Ndiyambe ine za mankhwala, popeza ndi ntchito ya ife akonzi. Mwana auzidwe chimene akaone, asapite ndi chithunzi cha maliro a kumudzi m'mutu.

Formalin amabwera m'chigubu ali ndi mpweya wotchedwa formaldehyde wosungunuka m'madzi, magawo 37 mpaka 40 pa 100. Sathiridwa choncho. Amasungunulidwa n'kusakanizidwa ndi spirit, glycerine, phenol ndi madzi. Formalin amaumitsa mnofu kuti usawole, spirit amathandiza mankhwala kulowerera ndi kupha tizilombo, glycerine amaletsa thupi kuuma gwa, phenol amaletsa nkhungu. Timatsegula artery (mtsempha wa magazi ochokera ku mtima) yaikulu ya pa ntchafu, femoral, kapena ya pakhosi, carotid, n'kulowetsa kapaipi. Mankhwala amakankhidwa ndi pampu, kapena chigubu chimapachikidwa m'mwamba kuti atsike okha. Pamalowa malita 10 mpaka 20 kutengera msinkhu wa munthu. Kenako thupi limasungidwa miyezi ingapo kuti mankhwala afike paliponse.

Ndiye chimene mwana akapeze pa tebulo si munthu wofewa ngati wagona tulo. Khungu ndi lotuwa mofiirira, lolimba ngati chikopa chofufuta, lozizira, lonyowa pang'ono. Tsitsi nthawi zambiri limakhala lometedwa. Nkhope imatupa kapena kuphwatalala mbali imene inatsamira. Magazi satuluka ukacheka. Pa khosi kapena pa ntchafu pamakhala posoka pathu. Ana ambiri amaopa magazi ndi fungo la chowola, koma zonse ziwiri kulibe. Fungo limene lilipo ndi la mankhwala, lobaya m'mphuno, ndipo limakakamira m'tsitsi ndi m'zovala.

Dr. Mbewe: Ndiwonjezere pa za Che Saidi. Formaldehyde amayamba kuyabwa m'maso ndi kukhosi ngakhale mumpweya muli wosakwana 1 ppm, kutanthauza gawo limodzi pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Ku America malire a pa ntchito ndi 0.75 ppm pa maola 8, ndi 2 ppm pa mphindi 15. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linamuika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2004. Izi tisabise, koma tizinene ndi muyeso wake: amene tiyenera kuwadera nkhawa kwambiri ndi akonzi ndi aphunzitsi okhala m'menemo zaka ndi zaka, osati mwana wa maola ochepa pa sabata. Ngakhale zili choncho, wa mphumu ndi woyembekezera anene kwa mphunzitsi asanayambe.

Mpweyawu umachuluka nthawi ziwiri: povundukula pulasitiki m'mawa, ndi potsegula chifuwa kapena mimba, chifukwa mankhwala amadikha m'menemo. Kukatentha, ngati mu Okutobala ndi Novembala ku Blantyre, umatuluka wambiri. Choncho matupi avundukulidwe mafani akuzungulira ndi mawindo ali otsegula, ana asanalowe. Madzi odikha m'mimba achotsedwe ndi siponji kapena chopopera ana asanaweramirepo. Magetsi akathima mafani n'kuima, kalasi ipume kaye, si nkhani yopirira.

Masiki wamba wa kuchipatala saletsa mpweya umenewu, amangoteteza ku zothovokera. Mankhwala onunkhira opaka pansi pa mphuno amabisa fungo, koma mpweya ukulowabe. Ma contact lens asiyidwe ku hostel, avale magalasi. Magolovesi a nitrile amaposa a latex pa formalin, ndipo asinthidwe akang'ambika kapena akakhalitsa m'manja.

Chikondi: Adokotala, nanga za kukomoka? Chimene ana amaopa kwambiri si thupi ayi, ndi kugwa pamaso pa anzawo. Makamaka anyamata.

Dr. Mbewe: Ndipo anyamata ataliatali amene amaima njo osasuntha ndi amene amagwa moopsa, chifukwa sanena msanga. Chimachitika ndi ichi. Maso akaona chodzidzimutsa, mtsempha wochokera ku ubongo wotchedwa vagus nerve umachedwetsa mtima, mitsempha ya magazi imatakasuka, magazi amadikha m'miyendo, BP imatsika, ubongo umaperewera magazi kwa kanthawi. Onjezanipo kuima nthawi yaitali, kutentha, ndi mimba yopanda kanthu chifukwa mwana waopa kudya kuti angasanze. Kumeneko ndiye kulakwitsa kofala kwambiri. Adye m'mawa, phala kapena tiyi ndi buledi, amwe madzi okwanira.

Thupi limachenjeza lisanagwe: kumva kutentha, thukuta lozizira, kuyasamula pafupipafupi, nseru, makutu kulira, maso kuchita mdima m'mbali. Akamva chimodzi mwa izi, choyamba aike scalpel m'mbale. Ndibwereze, mpeni pansi kaye. Kenako akhale pansi pomwepo, asayese kuyenda kupita pakhomo, chifukwa ambiri amagwera panjira n'kumenyetsa mutu pa ngodya ya tebulo lachitsulo. Ngati zangoyamba kumene, kupingasa miyendo n'kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi matako kumakankha magazi kubwerera kumtunda. Wagwa kale, mugonekeni chagada, kwezani miyendo pa mpando, masulani kolala. Amatsitsimuka pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Musamudzutse msanga, ndipo musamumwetse madzi asanatsitsimuke bwinobwino. Akachedwa kudzuka, akadandaula chifuwa, kapena wamenyetsa mutu, apite kuchipatala.

Kukomoka tsiku loyamba sikunena kanthu za udokotala wa munthu. Mphunzitsi anene mawu amenewa mokweza kalasi isanayambe, kuti wogwayo asadzasowe poyang'ana.

Mayi Nyirenda: Tsopano za mumtima. Tikumbukire kumene ana athu akuchokera. Kwathu kuno mtembo sugwiridwa ndi aliyense. Kwa Achewa ndi ntchito ya adzukulu, kwina ndi akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti, ndipo pobwera kumanda anthu amasamba m'manja asanalowe m'nyumba. Mwana wa zaka 18 kapena 19 mwina anangoonapo nkhope m'bokosi pa mzere, masekondi ochepa, nyimbo zikuimbidwa. Lero tikumupatsa mpeni kuti acheke. Chilichonse chimene analeredwa nacho chikumuuza kuti akulakwa. Kudziimba mlandu kumeneku si umbuli, ndi ulemu umene makolo anaika mwa iye, ndipo sitikufuna kuuzula. Tikufuna kuupatsa njira yoti uyendemo.

Zimene zimaoneka masabata oyamba: kulota thupilo, kuona nkhope yake ukatseka maso, kukana nyama makamaka yowotcha kapena yofiira, kusamba kawirikawiri poganiza kuti fungo silinachoke, kuyang'ana dzanja la mnzako n'kumaona za m'kati mwake. Ena amamva njala yaikulu akatuluka, kenako n'kuchita manyazi kuti ndingamve bwanji njala pamenepa. Palibe chodabwitsa, waima maola atatu akugwira ntchito. Ena samva kanthu konse, ndiye amadzifunsa ngati ali ndi mtima wa mwala. Nawonso auzidwe kuti ali bwinobwino.

Pofunika kulowererapo ndi pamene zinthu sizikutsika. Masabata atatu kapena anayi apita, mwana sakugonabe, akujomba labu, waonda, wayamba kumwa mowa kuti agone, kapena zithunzi zikumubwerera ali m'kalasi ina. Ameneyo aonane ndi mphungu, asadikire mayeso. Ndipo oferedwa posachedwa, ngati amene mwatchula mayi Nachisale, musadikire kuti zivute. Muitaneni mwapadera, alowe koyamba chipinda chili phee ali ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo ngati anamwalira ndi agogo aakazi, muikeni pa tebulo la thupi la bambo. Kanthu kakang'ono koma kamathandiza kwabasi.

Dr. Phiri: N'chifukwa chake masukulu ambiri amayambira kumsana, thupi litagona chafufumimba, mutu, manja ndi mapazi zitakulungidwa. Msana sukuyang'ana. Khungu lake ndi lochindikala, ndiye dzanja lonjenjemera siliwononga zambiri. Mcheko woyamba umayenda pakati, kuchokera pa kafupa kotukuka kunkhongo mpaka m'chiuno, kenako micheko yopingasa, n'kufunyulula khungu ngati chitseko. Pansi pake pali trapezius ndi latissimus dorsi, minofu yaikulu yosavuta kuizindikira. Mwana akaona chinthu chimene anawerenga dzulo chili pomwepo, chidwi chimayamba kulanda malo a mantha.

Dr. Mbewe: Apa a Phiri ndisiyana nanu pang'ono. Kubisa nkhope miyezi yambiri kuli ndi mtengo wake. Mwana amazolowera kuti akugwira chinthu, kenako tsiku la mutu ndi khosi nsalu ichoka, apeza kuti ndi munthu, ndipo munthuyo amucheka kale thupi lonse. Kudzidzimuka kwa tsiku limenelo kumaposa kwa tsiku loyamba. Ine ndikuona kuti aone nkhope pa chiyambi, mwaulemu, kwa mphindi imodzi, kenako aphimbe. Adziwe amene akumugwira. Ku wodi sadzapatsidwa odwala ophimba kumaso.

Mayi Nyirenda: Nonse mukunena zoona, koma chimene chimapweteka mwana si kuona kapena kusaona, ndi kudzidzimutsidwa. Njira yabwino ndi yoti tebulo lililonse ligwirizane, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo anene asanavundukule kuti tsopano tichotsa nsalu, maso ndi otseka, pakamwa pali chonchi. Wosafuna lero aime kumapazi, adzaona sabata yamawa. Chosaloledwa ndi mnzake kuvundukula mwadzidzidzi kuti aone amene athawe.

Chikondi: Ndipo musaiwale manja. Ambiri amakonzekera nkhope, koma chimene chimawagwetsa ulesi ndi dzanja. Zikhadabo zidakali ndi utoto wopaka. Chikhatho chili ndi zikang'a za khasu. Mphini pa mkono kapena pachifuwa, chipsera cha katemera paphewa, zidendene zong'aluka za munthu woyenda wopanda nsapato. Pamenepo mwana amaona mayi ake kapena amalume ake a kumudzi. Pocheka chikhatho umayenera kugwira dzanjalo m'dzanja lako n'kuwongola zala, monga mopatsana moni. Aphunzitsi achenjeze sabata imeneyo isanafike, monga amachitira ndi nkhope.

Dr. Phiri: Zoona Chikondi. Ndipo mantha amaonekeranso pa kachekedwe. Mwana wamantha amachita chimodzi mwa ziwiri. Wina amathamanga kuti zithe msanga, amakanikiza mpeni, n'kudula ma nerve a pansi pa khungu ndi ma vein asanawaone n'komwe. Pa mkono, cephalic vein imapita choncho tsiku lomwelo. Wina amakanda pamwamba ola lathunthu osalowa. Onse awiri aphunzitsidwe kuti scalpel ndi ya khungu basi. Khungu likatseguka, boolani kabowo pa ngodya yake, lowetsani chala, kokani kuti likungike, mpeni uziyang'ana kukhungu osati kumnofu. Mukalowa m'kati, ntchito ndi ya sizasi ndi forceps (kachitsulo kopanira): lowetsani sizasi yotseka, itseguleni motsata njira ya nerve, minofu imalekana yokha popanda kudula kanthu. Zala nazonso ndi chida. Mwana akadziwa kuti pali njira yogwirira mosawononga, mtima umakhala pansi, chifukwa mantha ambiri ndi oti ndimuwononga munthuyu pachabe.

Blade nambala 22 imalowa pa chogwirira nambala 4, nambala 10 pa chogwirira nambala 3. Ilowetsedwe ndi kuchotsedwa ndi forceps, osati zala, ndipo yakutha itayidwe m'kabokosi ka zakuthwa. Blade yobuntha ndi imene imavulaza, chifukwa umakanikiza n'kuterereka. Wadzicheka, avule golovesi, atsuke ndi sopo pa madzi oyenda, anene kwa mphunzitsi. Asabise.

Chinthu china chimene chimalakwika mwakachetechete: pa tebulo pamakhala wocheka, wogwirizira, ndi wowerenga buku la malangizo. Wamantha amathamangira buku tsiku loyamba, anzake amamusiya, ndipo amakhala wowerenga mpaka chaka chithe. Palibe amene amazindikira chifukwa sajomba. Mantha ake sanathe, angobisala, ndipo adzatulukira ku theatre, chipinda cha opaleshoni, chaka chachitatu. Maudindo azisinthana pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse, mphunzitsi aziyang'anira zimenezo.

Tadala: Moni akuluakulu. Pali funso limene ana amafunsa mumtima koma kawirikawiri sapatsidwa yankho: munthuyu ndi ndani, ndipo anavomera? M'masukulu ambiri a mu Africa muno matupi ochuluka ndi a anthu amene anamwalira popanda wachibale wodzawatenga ku mochale. Mwana wochokera kumudzi amadziwa tanthauzo la zimenezo: wosauka, wodwala misala woyendayenda, mlendo wofera kutali ndi kwawo. Kulemera kwake n'kosiyana ndi kwa wophunzira wa ku Britain amene amauzidwa kuti munthuyu anasaina yekha. Ku England lamulo la Human Tissue Act la 2004 limafuna kuti mwini thupi alembe chilolezo ali moyo, pali mboni.

Koma nawonso anachokera kutali. Ku Edinburgh mu 1828, William Burke ndi William Hare anapha anthu 16 n'kugulitsa matupi awo kwa mphunzitsi wa anatomy Robert Knox. Burke ananyongedwa mu 1829, thupi lake linachekedwa poyera, ndipo mafupa ake akadali ku University of Edinburgh. Lamulo la Anatomy Act la 1832 linathetsa msika wa akuba m'manda polola masukulu kutenga matupi osatengedwa ndi abale, zimene zinatanthauza kuti katundu yense anagwera amphawi. Zinatenga zaka zoposa 100 kuti kupereka thupi mwaufulu kukhale chizolowezi. Kwathu College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo inalowa mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) mu 2021. Nkhaniyi ndi yatsopano m'mabanja athu. Ndikuona kuti ana auzidwe zoona za kumene matupi a sukulu yawo amachokera, lamulo limene limalola, ndi kumene adzaikidwe pomaliza. Akabisiridwa, amadzaza mpatawo ndi mphekesera.

Nachisale: Zikomo Tadala, mfundo imeneyi ndi yaikulu. Nanga kunyumba anene chiyani? Makolo amafunsa.

Dr. Phiri: Anene mwachidule ndi moona: timaphunzira pa matupi operekedwa ku sukulu motsata lamulo, amasamalidwa, ndipo pomaliza amaikidwa m'manda. Tsatanetsatane wa zocheka asapite naye pa chakudya, mu minibasi, kapena pa WhatsApp. Dziko lathu lili ndi mabala pa nkhani ya ziwalo za anthu. Lamulo la Anatomy Act linakhwimitsidwa mu 2016 chifukwa cha kuphedwa kwa anthu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu, ndipo azaumoyo ena analephera kugwira ntchito m'midzi. Ndiye lamulo loti foni isatuluke m'thumba m'chipinda cha matupi, ndiponso kuti kanthu kalikonse, ngakhale kafupa ka chala, kasatuluke pakhomo, si nkhambakamwa. Chithunzi chimodzi pa Facebook chikhoza kuika moyo wa mwana pa ngozi, kumuchotsetsa sukulu, ndi kutseka mitima ya mabanja amene akanadzapereka matupi mtsogolo.

Che Saidi: Pa mawu ndipemphe chinthu. Mawu oti kutumbula ndi kusenda ndi a mbuzi ndi nkhuku. M'chipinda muja asamveke. Tinene kuti kutsegula, kufunyulula khungu, kuphunzira. Ndipo tisati chimtembo. Tinene kuti malemu, bambowa, mayiwa, agogowa. Lilime likazolowera ulemu, manja amatsatira.

Kwa ana a Chisilamu, nkhawa imakhala yoti ife timaika maliro msanga ndipo thupi la wakufa sililoledwa kunyozedwa. Akuluakulu ambiri a chipembedzo amalola kuphunzira kotere chifukwa cholinga chake ndi kupulumutsa amoyo, bola pakhale ulemu ndipo zonse zidzaikidwe m'manda. Mwana amene mtima sukukhazikika akacheze ndi shehe wake asanayambe, chimodzimodzi Mkhristu ndi abusa kapena ansembe ake. Ndipo kwa onse, malo obisika a malemu akhale ophimbidwa nthawi zonse kupatula tsiku limene akuphunziridwa.

Chikondi: Nanga zopatsa dzina? Matebulo ambiri amatero. Ndipo nthabwala, tinene zoona, zimakhalapo.

Mayi Nyirenda: Kuseka kumabwera chifukwa thupi likufuna potulutsira mpweya, ndipo mwana woseka tsiku loyamba nthawi zambiri ndi amene wagwidwa kwambiri. Tisamukalipire pagulu. Koma malire ake ndi omveka: kuseka za kusokonezeka kwanu, za nerve imene mwaisaka ola lonse ili pamphuno, palibe vuto. Kuseka malemu, kunenepa kwawo, ziwalo zawo, kuwaseweretsa dzanja, ayi. Muyeso wosavuta ndi kudzifunsa ngati mungalankhule zomwezo mwana wa malemu ataima pambali panu.

Dzina lopeka ine sindilikonda, chifukwa munthuyu anali nalo lake, ndipo maina opeka amathera ku chipongwe. Agogo kapena aphunzitsi akukwana.

Tadala: Ku Thailand ophunzira amatcha thupi ajarn yai, kutanthauza mphunzitsi wamkulu, ndipo pamakhala mwambo wa amonke a Chibuda poyamba ndi pomaliza. Ku Tzu Chi University ku Hualien, Taiwan, amapitirira pamenepo: ophunzira amadziwa dzina lenileni, amakacheza ndi banja asanayambe, ndipo pomaliza amasoka thupi lonse, kuliveka, n'kuliperekeza okha. Sitingatengere zonse, poti kumene kulibe banja lodziwika sungakacheze ndi aliyense. Koma mphindi ya chete poyamba, ndi mwambo woperekeza pomaliza ophunzira ali pomwepo, sizifuna ndalama zambiri. Kwa mwana woleredwa kuti maliro sathawidwa, kudziwa kuti adzaperekeza nawo kumachotsa mbali yaikulu ya mlandu uja mumtima.

Dr. Mbewe: Tisadumphe tsiku la chigaza ndi la chiuno, chifukwa pamenepo ngakhale ozolowera amabwerera m'mbuyo. Chovuta ndi phokoso la sowo ndi fungo la fupa lotentha, kuwonjezera kuona mutu ukugawidwa pakati kapena mwendo ukuchotsedwa pa thupi. Tsiku limenelo lilengezedwe sabata imodzi lisanafike. Mphunzitsi kapena mkonzi ayambe ndi iye, ana avale magalasi ndi masiki chifukwa cha fumbi la fupa, ndipo fupa lizinyowetsedwa pocheka. Sowo isalowe mpaka m'kati, ingolemba mzere kuzungulira, chotsalacho amalize ndi tchizulo pang'onopang'ono, apo ayi ubongo ung'ambika. Wofuna kutuluka panja mphindi zisanu atuluke popanda kufunsidwa chifukwa, koma abwerere tsiku lomwelo. Akapita osabwerera, khomo limenelo limakula mawa lake.

Dr. Phiri: Ena amafunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito zidole zapulasitiki ndi makompyuta. Zimathandiza, ndipo ziyenera kukhalapo. Koma pulasitiki siikuuza kuti artery ya munthu uyu yapatuka posiyana ndi ya pa tebulo loyandikana, kapena kuti mapapo awa ali ndi zipsera za TB, kapena kusiyana kwa nerve ndi artery pakati pa zala ziwiri. Kuyambira pamene Andreas Vesalius anatulutsa buku lake la anatomy mu 1543 atakonza zolakwa zambiri za Galen, dokotala wakale amene anadalira kucheka nyama m'malo mwa matupi a anthu, phunziro lakhala lomwelo, loti uone wekha. Ndipo pali phunziro lachiwiri losalembedwa pa timetable: kugwira ntchito yosamala pamene mtima ukugunda. Dokotala adzalifuna usiku wina ku wodi ya ana.

Nachisale: Ndalemba zonse. Lachisanu tikhala nawo ola limodzi: a Phiri zinthu zitatu zija, a Mbewe za kukomoka ndi zovala, mayi Nyirenda za mumtima ndi nambala ya ofesi ya uphungu. Kenako alowe m'magulu ang'onoang'ono kukangoona chipinda, osacheka. Che Saidi, pali china choti chilowe pa pepala la malangizo?

Che Saidi: Chilipo mayi, cha mphindi 10 zomaliza za tsiku lililonse, chifukwa ana amathamangira pakhomo. Thupi lililonse lili ndi nambala, ndipo ndowa ya pansi pa tebulo ili ndi nambala yomweyo. Kachidutswa kalikonse ka khungu kapena mafuta kalowe mu ndowa ya mwini wake, osati ya tebulo lina, osati m'bini ya magolovesi, kuti tsiku loika maliro munthu adzapite ndi zake zonse. Akamaliza, abwezere minofu m'malo mwake, atseke khungu pamwamba, awaze mankhwala onyowetsa, ayale nsalu yonyowa, kenako pulasitiki aipinde m'mbali mosasiya mpata. Nkhope, manja ndi mapazi ndi zimene zimayamba kuuma, ndiye zikulungidwe pazokha. Zikauma zimada n'kulimba ngati thabwa, sizibwereranso, ndipo ana omwewo adzavutika kuziyang'ana ikadzafika nthawi yake. Akaona timadontho toyera kapena tobiriwira, ndi nkhungu imeneyo, atiitane tsiku lomwelo isanafalikire matebulo ena. Labu koti ikhale m'jumbo yakeyake, ichapidwe payokha, isalowe ku kafiteriya. Nsapato zikhale zotseka kumapazi, pansi pamaterera.